Ndodo, chingwe ndi drag: kusankha zida zowedzera zogwirizana mphamvu

Ndodo zambiri zowedzera sizithyoledwa ndi nsomba yaikulu. Zimathyoka chifukwa mwini wake anaika chingwe cholimba kuposa ndodoyo, n'kumanga drag (buleki ya reel, chida chokulungira chingwe) mpaka kumapeto, ndiye mbedza itakodwa pa chitsa pansi pa madzi iye n'kukoka ndi mphamvu zonse. Zinthu zikathina, chimodzi mwa zida zitatuzi chiyenera kugonja. Chingwe ndi chotchipa, pomwe ndodo yabwino ndi yodula ndipo kuno ku Lilongwe si yapafupi kupeza ina yolowa m'malo mwake. Choncho posankha, konzani kuti drag iyambe kumasula chingwe chisanaduke, ndipo chingwe chiduke ndodo isanathyoke. Chingwe chikhale ngati fyuzi ya magetsi, imene imapsa kuti wailesi ipulumuke.

Zoyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama

Yambani ndi zolembedwa pa ndodo, chapamwamba pang'ono pa chogwirira. Kawirikawiri pamakhala zinthu zitatu, mwachitsanzo: Medium, 8-17 lb, 7-28 g. Mawu akuti Light, Medium ndi Heavy musawadalire kwambiri, chifukwa kampani iliyonse ili ndi muyeso wake, ndipo Medium ya ndodo ya m'nyanja ya mchere imatha kuposa Heavy ya ndodo ya mumtsinje. Dalirani manambala. Zolemba za lb ndi mphamvu ya chingwe chimene ndodoyo inapangidwira, ndipo paundi imodzi ndi magalamu 454. Zolemba za g kapena oz ndi kulemera kwa zimene mungaponye, mtovu ndi nyambo pamodzi, ndipo oz imodzi ndi magalamu 28. Mukaponya mtovu wa magalamu 60 ndi ndodo ya 7-28 g, nsonga imatha kuthyoka mbedza isanakhudze n'komwe madzi.

Ndodo zazitali zophera nsomba za carp zimalembedwa mosiyana, monga 2.75 lb TC kapena 3 lb TC. Nambala imeneyi si mphamvu ya chingwe. Ndi kulemera kumene kumapinda ndodo mpaka nsonga yake italoza pansi pomwe chogwirira chili chopingasa. Chingwe choyenera mumachipeza pochulukitsa nambalayo kasanu, choncho ndodo ya 3 lb TC imafuna chingwe cha 15 lb, ndipo 12 mpaka 18 lb n'chololeka. Amene amawerenga 3 lb n'kuganiza kuti ndodoyo ndi yofooka amakhala asokoneza miyeso iwiriyi.

Onaninso pamene ndodo imapindikira. Yopindika kunsonga kokha imabaya mbedza msanga, koma siikhululuka nsomba ikagwedeza mutu mwadzidzidzi. Yopindika mpaka pakati imameza kugwedezako, ndipo imapulumutsa chingwe chopyapyala.

Chachiwiri ndi chingwe. Cha nayiloni mungachiyerekeze ndi kunenepa kwake ngakhale chikalata chake chitafufutika: cha mamilimita 0.20 chimakhala cha 6 lb kapena kuyandikira pamenepo, cha 0.25 ndi 8 mpaka 10 lb, cha 0.30 ndi 12 lb, cha 0.35 ndi 15 lb, cha 0.40 ndi 20 lb, ndipo cha 0.50 chimafika 30 lb. Manambalawa ndi a chingwe chatsopano chopanda mfundo. Mfundo iliyonse imachepetsa mphamvu, makamaka ikamangidwa youma, chifukwa kukhulana kumatenthetsa nayiloni. Inyowetseni ndi malovu musanaikoke.

Chachitatu ndi drag, imene ndi buleki ya reel. Mkati mwa spool, pamene chingwe chimakulungidwa, muli timawashala tosanjikizana, tina tachitsulo, tina ta felt kapena ta carbon. Mukamanga chotsekera cha pamwamba pa spool mumatipanikiza, ndipo nsomba ikakoka kuposa mphamvu imene mwaika, spool imazungulira n'kumasula chingwe. Owedza ambiri amaika drag pakati pa kota ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya chingwe. Chingwe cha 12 lb chimaduka pa makilogalamu 5.4, ndiye drag yake ndi 1.4 mpaka 1.8. Cha 20 lb ndi makilogalamu 9, drag yake 2.3 mpaka 3.

Ena amaona ngati kumeneku n'kutaya mphamvu ya chingwe, koma mpata wotsalawo uli ndi ntchito. Mfundo yadyako kale gawo lake. Mphete za ndodo yopindika zimawonjezera kukhulana. Nsomba ikathawira kutali, madzi nawo amakoka chingwe chonse chimene chili m'madzimo. Ndipo chimene ambiri sachidziwa n'chakuti drag imalimba yokha chingwe chikamachepa pa spool: mulu wa chingwe ukatsika kufika theka la kukula kwake, mphamvu yofunika kuti spool izungulire imawirikiza kawiri. N'chifukwa chake nsomba ikathamanga mtunda wautali, choyenera ndi kumasulako drag pang'ono, osati kumanga.

Pali mfundo imodzi imene ikulamulira zonse zimene zili m'munsimu. Powerengera drag, tengani nambala yaing'ono pakati pa mphamvu ya chingwe ndi malire a pamwamba a ndodo. Ndodo ya 8-17 lb malire ake ndi makilogalamu 7.7, ndiye drag isapitirire 2.5, ngakhale mutaika chingwe cha 40 lb. Nambala ya max drag yolembedwa pa bokosi la reel ilibe gawo m'masamu amenewa. Imangosonyeza pamene reel imathera, ndipo reel imayenda mosalala ikamagwira ntchito pansi kwambiri pa malire akewo.

Kuyeza sikufuna chida chodula. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Lowetsani chingwe m'mphete zonse, mangani botolo lokhala ndi madzi a muyeso umene mukufuna, gwirani ndodo yopendekeka chapakati pa kugona ndi kuimirira, ndipo nyamulani pang'onopang'ono. Drag iyambe kumasula pamene botolo likungonyamuka pansi. Likamatsika mosalala, drag ili bwino. Likamatsika modukizadukiza, timawashala tauma kapena talowa mchenga, ndipo drag yotere imadula chingwe pa kukoka koyamba kwa nsomba. Kupitirira makilogalamu 2, siyani botolo, gwiritsani sikelo yolendewera ngati ya ogula chimanga ndi soya, mnzanu aigwire ali chapatali inu mukukoka.

Za mtengo tiyerekeza njira ndi njira osati ndi makwacha, chifukwa zida zimenezi zimachokera kunja ndipo mitengo yake imatsata kwacha, monga zinaonekera itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023.

Njira yoyamba: zida zopepuka

Ndodo ya 4-8 lb kapena 6-12 lb yotalika mamita 1.8 mpaka 2.1, reel ya 2000 kapena 2500 (manambalawa ndi a kukula kwa reel), nayiloni ya 0.20 mpaka 0.25, drag ya magalamu 700 mpaka kilogalamu 1.2. Izi ndi za makumba, chilunguni ndi chambo.

Mtengo: pa zida zolembedwa bwino, izi ndiye zotsika, ndipo spool yaing'ono siidya chingwe chambiri.

Kupezeka: reel zazing'ono ndi nayiloni yopyapyala zimapezeka mosavuta m'tawuni. Ndodo yopepuka yolembedwa manambala oona ndiyo imafuna kufufuza.

Kasamalidwe: chingwe chopyapyala chilibe mphamvu yosungira, ndiye kukandika pang'ono pa mwala kumachitha. Muzichisisita ndi zala, ndipo mukamva pokhakhala dulani mpaka pamenepo n'kumanganso.

Zoopsa: mlamba umadya nyongolotsi yomweyo imene mwaikira makumba. Pamadzi oyera mungaugonjetse moleza mtima, koma pamene pali bango kapena zitsa mulibe mphamvu youtembenuzira. Musamange drag kuti muuletse. Chiduke chingwe.

Njira yachiwiri: zida zapakati ndi nayiloni

Ndodo ya 8-17 lb kapena 10-20 lb yotalika mamita 2.1 mpaka 2.7, reel ya 3000 kapena 4000, nayiloni ya 0.30 mpaka 0.35, drag ya makilogalamu 1.4 mpaka 2.3. Kwa munthu amene akugula ndodo imodzi yokha, ine ndingamulozere pano mosakayika.

Drag ya makilogalamu 2 imaoneka yochepa poganizira mlamba wa makilogalamu 10, koma m'madzi nsomba siilendewera pa chingwe. Madzi amainyamula, ndipo chimene mukulimbana nacho ndi kusambira kwake basi. Kukoka kosalekeza kwa makilogalamu 2 kumaitopetsa. Kulemera kwake konse kumabwera pa ndodo pokhapokha mukafuna kuinyamula kuchoka m'madzi, ndipo pamenepo ndi pamene ndodo zambiri zimathera. Itungeni ndi kaukonde kapena ikokereni pamchenga, mukusamala minga ya m'mbali mwa mutu wa mlamba.

Mtengo: wapakati, ndipo nayiloni ndi yotchipa moti kuisintha yonse sikupweteka.

Kupezeka: nayiloni ya kunenepa kumeneku imapezeka m'tawuni komanso m'malo a asodzi monga ku Senga Bay ku Salima. Chenjerani ndi imene yakhalitsa padzuwa pa benchi ya wogulitsa. Mangani mfundo pa kachidutswa n'kukoka musanagule.

Kasamalidwe: dzuwa ndi kutentha zimafooketsa nayiloni, ndiye musamasiye reel m'galimoto yotsekedwa mwezi wa October. Ngati mumawedza pafupipafupi, sinthani chingwe kamodzi pachaka. Mukaweruka masulani drag yonse, chifukwa timawashala ta felt tikakhala topanikizidwa timaphwatalala n'kusiya kuyenda mosalala. Nyanja ya Malawi ilibe mchere, choncho mdani wa reel kuno si dzimbiri kwenikweni koma mchenga ndi fumbi. Musaigoneke pansi pagombe.

Zoopsa: nayiloni imatamuka kwambiri, ndipo isanaduke imatha kutalika ndi kota ya utali wake. Kutamukaku kumateteza ndodo ndi mfundo, koma mukaponya kutali kapena kuwedza pakuya kumabisa kudya kwa nsomba ndipo mbedza siibaya bwino. Vuto lina ndi kupota chingwe. Mukamazunguza chogwirira cha reel pamene drag ikumasula, chingwe sichilowa koma chimapotana, ndipo pa reel ya 5.2:1 kuzunguza kamodzi kumachipota kasanu. Dikirani nsomba iime, kwezani ndodo, kenako kulungani chingwe mukuitsitsa.

Njira yachitatu: ndodo yapakati yomweyo ndi chingwe cha braid

Apa ndi pamene ndodo zabwino zikuthera, choncho tikhalitsepo. Braid ndi chingwe cholukidwa ndi tiulusi tambirimbiri. N'chopyapyala kwambiri poyerekeza ndi mphamvu yake, ndipo sichitamuka pafupifupi n'komwe. Braid ya 30 lb imatha kunenepa ngati nayiloni ya 8 kapena 10 lb. Munthu amaiona yopyapyala, amaiika pa ndodo ya 8-17 lb, n'kuwerengera drag kuchokera pa 30 lb. Zimenezo zimapereka makilogalamu 4.5, pomwe pa ndodoyo drag siyenera kupitirira 2.5. Popeza palibe kutamuka komeza kugwedeza, mphamvu yonse imafika pa ndodo nthawi imodzi.

Kuika braid yoposa malire a ndodo si kulakwa pakokha. Anthu amachita dala kuti chingwe chisamire mu spool komanso chikhale chosavuta kugwira. Koma pafunika zinthu ziwiri. Drag iwerengeredwe kuchokera pa ndodo, ndipo itsike kufika pa kota kapena kuchepera pang'ono. Kenako kumapeto kwa braid mulumikize mita imodzi kapena iwiri ya nayiloni kapena fluorocarbon (chingwe chofanana ndi nayiloni) imene mphamvu yake ili mkati mwa manambala a ndodo, mwachitsanzo 15 lb. Chidutswa chimenechi ndicho chimaduka mbedza ikakodwa, ndipo chimapiriranso miyala kuposa braid. Zina mwa mfundo zolumikizira ndi Albright, double uni ndi FG. Pomanga braid ku mbedza mwachindunji gwiritsani Palomar, chifukwa mfundo ya clinch imene imagwira bwino pa nayiloni imaterereka pa braid.

Ndodo zina, makamaka zopangidwa motsata muyeso wa ku Japan, zimalembedwa PE 1-2 kapena PE 2-4. PE ndi muyeso wa kunenepa kwa braid, osati mphamvu yake, ndipo PE 1 ndi pafupifupi mamilimita 0.165. Ngati ndodo yotere yalembedwanso max drag m'makilogalamu, imeneyo ndiyo nambala yoti musaidutse.

Mtengo: braid yeniyeni imadula kangapo kuposa nayiloni, koma imakhala zaka zingapo. Simufunika kudzaza spool yonse: ikani nayiloni pansi, braid ya mamita 100 mpaka 150 pamwamba.

Kupezeka: njira imeneyi ndiyo yovuta. Yabwino nthawi zambiri imabwera ndi anthu ochokera ku South Africa kapena mwa kuitanitsa. Yotchipa yosadziwika kochokera imakhala yonenepa kuposa zolembedwa, ndipo mphamvu yake ndi yoti muyeze nokha ndi sikelo.

Kasamalidwe: braid ikamangidwa pa spool yopanda kanthu, mulu wonse umazungulira pa spool, ndipo mungaganize kuti drag yafa pomwe ili bwinobwino. Nayiloni ya pansi ija imathetsa zimenezi. Mbali yakutsogolo ikatuwa ndi kuchita ubweya, tembenuzani chingwe kuti mbali ya mkati ibwere kunja. Pitsani thonje m'mphete iliyonse ya ndodo: likakodwa, mpheteyo yang'aluka ndipo idzadula chingwe.

Zoopsa: braid imadya mphete zachitsulo chopanda ceramic mpaka kukumba kanjira. Imacheka zala ngati mpeni, ndiye musaikulunge padzanja. Pa nsomba zazing'ono zogwidwa ndi mbedza yaing'ono, kusatamuka kwake kumang'amba mlomo n'kutaya nsomba.

Njira yachinayi: zida zolemera

Pano pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Woyamba ndi ndodo yaitali ya mamita 3.6 ya 3 lb TC, ndi reel ya 6000 kapena 8000, nayiloni ya 0.35, drag ya makilogalamu 1.7 mpaka 2.3. Kukula kwake n'kothandiza kuponya mtovu wa magalamu 85 kutali kuchokera pagombe, osati kukoka mwamphamvu. Wachiwiri ndi ndodo yaifupi ya m'boti ya 20-40 lb, ndi nayiloni ya 0.50, drag ya makilogalamu 3.4 mpaka 4.5. Imeneyi ndiyo yochotsa kampango kapena bombe pafupi ndi miyala isanalowe kuphanga.

Mtengo: wokwera pa zonse, ndipo spool yaikulu imadya chingwe chambiri.

Kupezeka: nayiloni yonenepa ili ponseponse kunyanja. Ndodo ndi reel zake n'zosowa.

Kasamalidwe: timawashala ta carbon timafuna girisi wopangidwira drag, wopakidwa mopyapyala. Ta felt timafuna timadontho ta oyilo wopepuka. Girisi wa galimoto amamata n'kuchititsa drag kugwira ndi kutaya.

Zoopsa: drag ya makilogalamu 4 ndi mphamvu yaikulu mukakhala m'bwato lopapatiza, makamaka nyengo ya mwera nyanja ikamachita mafunde. Pakuya, spool imakhala itachepa chingwe nsomba isanadye n'komwe, ndiye drag imene munayeza kunyumba spool ili yodzaza yalimbirako kale. Chingwe cha 30 lb chikakodwa sichiduka wamba. Lozani ndodo molunjika kumene chakodwa, kulungani chingwe pa kamtengo, ndipo kokani ndi kamtengoko.

Njira yachisanu: ndodo zolowetsana zogulitsidwa pamodzi ndi reel

Izi ndi zija zimalowa chigawo mkati mwa chinzake. Ambiri amayambira pamenepa, ndipo si zoti n'kuzinyoza, bola mudziwe malire ake.

Mtengo: wotsika kuposa zonse.

Kupezeka: ndizo zimapezeka kwambiri m'mashopu a katundu wosiyanasiyana.

Kasamalidwe: mchenga ukalowa m'malumikiziro umakanda ndi kumata zigawo. Potambasula yambani kunsonga, popinda yambani kutsinde, ndipo muzipukuta. Chingwe chobwera nayo chichotseni.

Zoopsa: zambiri sizilembedwa mphamvu ya chingwe, zimangolembedwa utali. Yezani nokha. Gwirani chogwirira chopingasa, mangani botolo pa chingwe, ndipo muzithira madzi pang'onopang'ono mpaka nsonga italoza pansi. Mukamva kulira kulikonse lekani pomwepo. Ngati lita imodzi yaipinda choncho, chulukitsani kasanu: chingwe chisapitirire makilogalamu 5, kutanthauza nayiloni ya 0.25 mpaka 0.28. Malumikiziro ndi malo ofooka, ndipo drag ya reel zake kawirikawiri imagwira modukiza, ndiye khalani pa kota. Ndodo iliyonse, koma makamaka izi, imathyoka mukaiimika chilili nsomba ili pamapazi panu, chifukwa kupindika konse kumathera pa kachigawo kopyapyala ka kunsonga.

Ndodo ya nsungwi yopanda reel ilibe drag konse, choncho chitetezo chake ndi kachingwe ka ku mbedza kopyapyala kuposa chingwe chachikulu.

Iti ikuyenera ndani

Wowedza makumba ndi chilunguni m'madamu a m'minda kapena pamalo odekha a mtsinje wa Lilongwe atenge njira yoyamba. Ngati ndalama zavuta, yachisanu yoikidwa nayiloni yatsopano ya 0.25 igwira ntchito yomweyo.

Wopita ku Kamuzu Dam ku Malingunde, kumene nyambo imodzi ingadyedwe ndi makumba kapena mlamba, atenge yachiwiri ndi chingwe cha 0.30, ndipo akwere pa 0.35 pamene pali zitsa. Damulo ndi la Lilongwe Water Board, ndiye funsani kaye za chilolezo.

Woponya nyambo zachitsulo pofuna ncheni ku Senga Bay apindula ndi yachitatu, chifukwa braid imaponyeka kutali ndipo imamveketsa kudya kulikonse. Ncheni ili ndi mano, choncho chidutswa cha kumapeto chikhale chonenepako, koma drag isasunthe pa malire a ndodo.

Wofuna mpasa mumtsinje wa Bua mkati mwa Nkhotakota Wildlife Reserve, imene African Parks yakhala ikuyang'anira kuyambira 2015, atsate malamulo a kumaloko ndipo asatenge zida zopepuka. Mpasa zachepa, ndipo nsomba yolimbana nayo nthawi yaitali pa chingwe chofooka imatha kufa ngakhale mutaibwezera m'madzi. Yachiwiri kapena yachitatu imafupikitsa nkhondoyo.

Woponya kutali kuchokera pagombe usiku atenge ndodo yaitali ya 3 lb TC, ndipo reel ikhale ya baitrunner (yomasula chingwe yokha nsomba ikadya) kapena amasule drag podikira, kuti mlamba usakokere ndodo m'madzi. Wowedza kampango pakuya ali m'boti atenge yaifupi ya 20-40 lb, ayezere drag pa kota osati pa gawo limodzi mwa atatu. Amene ulendo wake ukafike kunsi kwa mathithi a Kapichira pa Shire kukafuna tigerfish, ndodo ya 10-20 lb ikwana, koma pakati pa chingwe ndi mbedza aikepo waya wa masentimita 20 mpaka 30, chifukwa mano a nsomba imeneyi amadula nayiloni ndi braid yomwe.